Mboni Yathu Inali Mkamwini

Ntchito yanga ndi ya uloya, koma si uloya umene anthu akwathu amaudziwa, wokaima pa khothi la pa boma la Dedza kuteteza munthu amene wapezeka ndi mbuzi ya eni. Milandu yanga ndi ya pakati pa maboma ndi makampani akunja. Kampani ikabwera kudzachita malonda m'dziko, kenako n'kukangana ndi boma, sipita ku makhothi athu, poti akuti oweruza athu ndi osadalirika. Imakokera boma ku Ulaya, m'chipinda china cha makapeti, kumene anthu atatu amakhala pa tebulo lalitali n'kugamula. Mmodzi amasankhidwa ndi kampani, wina ndi boma, wachitatu amachita kugwirizana. Zaka zanga zambiri zathera m'zipinda zimenezo, ndipo sindinaoneko malo ena kumene anthu ophunzira amadzimva shuga chotero pa zinthu zimene sakuzidziwa.

Ndi kagulu kochepa, kodziwana bwino. Amene lero ndi woweruza, mawa ndi loya pa mlandu wina, ndipo amene anamugonjetsa dzulo ndiye akudya naye nkhomaliro lero. Amatchulana mnzanga wolemekezeka uku akubayana. Amaloweza ndime iliyonse ya mapangano amene mayiko anasainirana ine ndisanabadwe, koma muwafunse mwezi umene anthu amabzala chimanga m'dziko limene akuligamulalo, angokuyang'anani ngati mwawatukwana. Ndimawanyoza, sindibisa. Kungoti nkhani imene ndikulembayi imandikhazika pa benchi limodzi ndi iwo, mwinanso ine ndiye wa kutsogolo.

Kwathu ndi mudzi wina wa m'munsi mwa mapiri a Chongoni, kumene m'mwezi wa Juni madzi a mu ndowa amaluma zala. Amayi anga anali ndi munda pa mtunda wa kuseri kwa tchalitchi. Anaulandira kwa amayi awo, amenenso anaulandira kwa amayi awo. Kumtunda ankalima chimanga chosakaniza ndi nyemba, kumunsi kufupi ndi kasupe n'kumaika mbatatesi. Sukulu yanga yonse inatuluka m'nthaka imeneyo. Bambo anga ndi a ku Lobi. Anabwera kudzakwatira monga amachitira amuna ambiri kwathu, anamanga nyumba pa malo a akazi awo, n'kumalima munda wa akazi awo. Ndi mkamwini, ndipo imvi sizichotsa ukamwini. Kwathu munda umatsata ana aakazi, ndipo zimenezi sitichita kuphunzitsana, munthu amangokula akuzidziwa. Ine ndine mwana wamkazi yekhayo wa amayi, ndipo nanenso ndili ndi mwana wamkazi amene anabadwira m'tauni.

Chaka china boma linapereka mtunda wonsewo kwa kampani ina yakunja kuti ibzalepo mitengo ya paini ya matabwa. M'pangano lawo munali ndime yakuti kampaniyo iyambe yamva kaye kwa eni malo. Inamvadi, m'njira yake. Lamlungu lina Misa itangotha kunafika galimoto ziwiri. Anthu a kampani anaitana amene ankawatcha mitu ya mabanja, kutanthauza amuna, anawagawira zoziziritsa kukhosi ndi mabanzi, n'kuwadinditsa zala pa pepala lovomereza. Akazi, eni mindayo, anaima chapatali ana ali kumsana, palibe anawafunsa kanthu. Amuna ambiri anadinda. Bambo anga anakana, n'kutenga njinga yawo kubwerera kunyumba.

Madandaulo atakula, chisankho chilinso pafupi, boma linathetsa panganolo. Kampani inathamangira ku Ulaya kukasuma kuti yalandidwa chuma chake.

Nthawi imeneyo ndinali loya wongoyamba kumene kumbali ya boma, ntchito yanga yaikulu ili kunyamula mafayilo. Boma linalemba maloya akunja kuti atsogolere mlanduwo, poti nalonso maloya ake silimawakhulupirira mlandu ukakhala waukulu. Mkulu wawo anali bambo wina wa imvi zosamalidwa bwino, wolankhula chakumphuno, amene ankatchula dzina la dziko lathu ngati akumeza mankhwala owawa. Tonse mu ofesi tinkadziwa chimene chidzachitike tikaluza. Boma silikanakwanitsa chipukutamisozi chimene kampani inkafuna, choncho likanangoibwezera malowo kuti nkhani ithe. Pa mapu a mlanduwo panali mzere wofiira wozungulira malo okanganiranawo, ndipo munda wa amayi unali mkati mwake.

Malamulo a ntchito yathu amafuna kuti munthu aulule ngati mlandu ukukhudza abale ake. Ndinaulula. Mkulu uja m'malo modandaula anasangalala, anati ndiye kuti apeza wowalondolera njira, bola ndisakhale ine wofunsa mafunso abale angawo pa tsiku la mlandu.

Kumudzi anafikako kamodzi kokha, kwa maola awiri. Anavala nsapato zopyapyala zam'tauni, ndipo pa njira yotsetsereka ya kumunda ndinachita kumugwira mkono. Kunyumba amayi anatulutsa mipando iwiri, wina wa mlendo, wina wa bambo, iwo n'kukhala pa mphasa. Moni anadzamupatsa atagwada, monga amachitira ndi mlendo aliyense, ngakhale wodzagula nkhuku. Mkuluyo anaona mpando, anaona mphasa, anaona kugwadako, basi m'mutu mwake nkhani ya mwini munda inathera pomwepo. Bambo anagwirapo ntchito yocheka matabwa ku Phiri la Dedza ali mnyamata, choncho Chingerezi chophotchokaphotchoka amachiyankhula, komanso ndi amene amawerenga mawu a Mulungu kutchalitchi. Mkulu uja atamva kuti bambowa ndi amene anakana kudinda chala pa pepala la kampani, maso ake anawala. Anati mboni yapezeka. Chifukwa chimene anakanira sanafunse.

Tili m'galimoto pobwerera ndinayesa kumuuza. Ndinati kwathu munda ndi wa mkazi, bambo ndi obwera, woyenera kukhala mboni ndi amayi. Anandifunsa ngati pali pepala lililonse losonyeza zimenezo. Ndinati palibe. Anaseka pang'ono, kenako anandiphunzitsa ngati mwana wa sitandade wanu. Anati oweruza ndi anthu atatu otopa amene ali ndi sabata imodzi yokha, safuna phunziro la miyambo, amafuna nkhani yowongoka ya munthu, munda wake ndi kukana kwake. Anati mayi wosawerenga, wolankhula atayang'ana pansi, maloya a kampani adzamung'amba pakati. Amayi angawo, amene anathamangitsapo ogula mbatatesi atatu ndi mpini atawapeza ndi sikelo yobera, iye anawaona ngati nkhuku yonyowa.

Ndisanayankhe anawonjezera kuti waganiza zondiika m'gulu lopita ku Ulaya, ndipo dzina langa lidzalembedwa pa mndandanda wa maloya a mlanduwo. Mu ntchito yathu mndandanda umenewo ndiwo khomo. Dzina likangolowapo kamodzi, milandu ina imakupeza yokha. Ndinatseka pakamwa pa Linthipe, ndipo mpaka ku Lilongwe sindinatsegulenso. Sanandiopseze, sanandikakamize. Anangondionetsa mpando, ine n'kukhalapo.

Chikalata cha umboni wa bambo chinalembedwa ku Ulaya ndi anthu amene mundawo sanaupondepo. Chinkati mundawo ndi wawo, anaulandira kwa makolo awo, ndipo anakana kuupereka chifukwa ndi cholowa chawo. Ndinapita nacho kumudzi Loweruka lina, n'kuwawerengera m'Chichewa tili pakhonde. Amayi anali chapafupi akusankha nyemba m'lichero. Nditamaliza, bambo anavula magalasi.

"Koma apa palakwika, mwanawe. Mundawu si wanga, ndi wa mayi akowa."

"Ingosainani, bambo," ndinatero. "Azungu zimenezo sangazimvetse, tingowasokoneza."

Bambo anayang'ana amayi. Amayi osadzutsa mutu anati mwana ndiye anapita kusukulu, ngati wati musaine ndiye kuti akudziwa chimene akuchita. Bambo anasaina pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi. Mpaka lero ndikakumbukira mawu a amayi amenewo ndimachita manyazi ngati ndaba m'thumba la chopereka.

Tinawapangira pasipoti, mchimwene wanga anawabwereka suti ya pa ukwati wake, ndipo anakwera ndege koyamba. Ku Ulaya aliyense ankawafunsa mwachifundo ngati sakuzizidwa. Iwo ankangoti kuzizira kumeneku n'kwa masewera, abwere adzaone Chongoni mu Juni. Masiku awiri athunthu maloya athu anawakonzekeretsa m'chipinda cha hotela. Anawaphunzitsa kuyang'ana oweruza poyankha, kusathamanga, kumwa madzi akafuna mpata woganiza. Anawafunsa kukula kwa munda, mbewu zimene amalima, mtundu wa galimoto za kampani zija. Anthu a madigiri atatuatatu, olipidwa pa ola, palibe mmodzi anaganiza zowafunsa kumene anabadwira. Ine ndinali pakona ndikulemba manotsi ndi kuthirira anthu tiyi.

Tsiku la umboni wawo linafika. Chipindacho chinali chachikulu, matebulo awiri oyang'anizana, oweruza atatu kutsogolo, womasulira ali m'kachipinda ka galasi. Bambo anawaveka zomvera m'makutu. Wapampando anawapempha kuti alonjeze kuti anena zoona zokhazokha. Kwa anthu a m'chipindamo mawu amenewo ndi mwambo chabe, ngati moni wa pa msewu, amawamva kangapo pa tsiku uku akuyang'ana mafoni pansi pa tebulo. Bambo anawanena momveka bwino, kenako anachita chizindikiro cha mtanda, chimene palibe anawapempha.

Wofunsa kumbali ya kampani anali mayi wina wa mawu ofatsa, womwetulira ngati nesi wa ku sikelo ya ana. Sindikufuna kumupatsa ulemu woposa umene akuyenera. Za kwathu sankadziwa kuposa mkulu wathu uja. Kungoti a kampaniwo analemba ntchito munthu wa kuno kuti aziwalangiza, monga ifenso tinali ndi ine, ndipo munthu wawoyo analankhula. Anayamba ndi kuwafunsa bambo kumene anabadwira. Anati ku Lobi. Anafunsa kumene kuli manda a makolo awo. Anati ku Lobi konko. Anafunsa kuti nanga kumudzi wa ku Chongoni anafikako bwanji. Anati anadzakwatira. Mkulu wathu anasiya kulemba. Mayiyo anapepesa chifukwa cha funso lotsatira, n'kufunsa kuti ngati akazi awo atatsogola, iwo adzapitiriza kulima mundawo kapena ayi.

"Ayi," anatero bambo. "Ndidzatenga khasu langa ndi bulangete n'kubwerera kwathu, pokhapokha ana atandikomera mtima."

Anafunsa chifukwa chimene anakanira kudinda chala pa pepala la kampani. Anati sakanadinda za munda wa eni. Pomaliza anawaonetsa chikalata chawo cha umboni, ndime ija yakuti mundawo ndi cholowa chawo, n'kufunsa kuti ngati si wawo, mwini wake ndani.

Bambo anatembenukira kumene ndinakhala. Anandiyang'ana, osati mokwiya, koma monga munthu wopempha chilolezo chimene akudziwa kuti sachidikira. Kenako anati, "Ndi wa akazi anga. Ndipo akadzapita iwo, mwini wake ndi mwana wanga wamkazi, uyo wakhala apoyo."

Anandiloza ndi dzanja lonse, monga timalozera munthu amene tikumulemekeza. Mawu a womasulira atafika m'makutu a anthu, mitu yonse inatembenukira kwa ine, oweruza, maloya, ngakhale mayi wolemba zonenedwa. Wapampando anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake kwa kanthawi, ngati akundipatsa mpata. Ndikanatha kuimirira. Malamulo sakanandilola kuchitira umboni pomwepo, zoona, koma ndikanatha kulemba kapepala kwa mkulu wathu kuti tipemphe kupuma, tivomere kulakwa, tiitanitse amayi ngakhale pa kanema. Ndinaweramira fayilo n'kumatsegula masamba ngati pali chimene ndikufuna.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti zoona zimene tinabisazo ndizo zikanatiwinitsa. Mlandu wonse unagona pa funso limodzi, ngati kampani inamva kwa eni malo kapena ayi. Amayi akanakhala pa mpando umenewo, akanangotenga pepala la kampani lija n'kumatchula dzina lililonse ndi mudzi umene mwamunayo anachokera, uyu wa ku Lobi, uyu wa ku Bembeke, uyu wa ku Mayani. Pafupifupi zala zonse zinali za akamwini. Kampani inapempha chilolezo kwa alendo. Koma ife, pobweretsa bambo monga mwini munda, tinavomereza tokha kuti eni minda ndi amuna, ndiye kuti zala zija zinali za eni. Mbali zonse ziwiri zinaona mwamuna pa mpando n'kuganiza kuti zapeza mwini, kusiyana kwake n'kwakuti mbali yathu inali ndi mwana wa mudziwo pa tebulo.

Titatuluka, mkulu uja anandikokera pambali n'kundifunsa, nkhope ili yofiira, chifukwa chimene sindinamuuzire. Za pa Linthipe anali ataziiwala, kapena anasankha kuziiwala, ndipo ine sindinamukumbutse. Ndinapepesa, n'kumunyamulira chikwama mpaka pa galimoto. Mu lipoti lake ku boma analemba kuti mboni ya kumudzi inali yosadalirika. Bambo anga, munthu yekhayo m'chipinda chija amene lonjezo lonena zoona analitenga ngati lonjezo, ndiye analembedwa kuti ndi wosadalirika. Lipotilo ndinalitaipa ndine.

Masana a tsiku la umboni lija bambo anakana chakudya. Anakhala m'mphepete mwa bedi la hotela atavalabe suti ya mchimwene, n'kundifunsa ngati awononga mlandu. Ndinati ayi, zimachitika. Anati chikalata chija anasaina chifukwa ndinawauza ine, koma pamaso pa Mulungu sakanabwereza. Sanandidzudzule. Anangopempha kuti ndiwapezere tchalitchi chimene chili pafupi.

Chigamulo chinatuluka patapita nthawi yoposa chaka, buku lonenepa lodzaza ndi mawu a Chilatini ndi kuyamikirana kwa oweruza ndi maloya. Mudzi wathu unali m'ndime imodzi. Inati mboni yokhayo ya boma inavomera yokha kuti ilibe ufulu pa malowo, ndipo palibe mwini malo aliyense amene anabwera kudzanena kuti sanafunsidwe. Boma linaluza. Zinayenda monga tinkadziwira. Panakhala zokambirana, akuluakulu anajambulitsa akugwirana chanza, ndipo kampani inabwezeredwa mtunda wake.

Dzina langa linalembedwadi pa mndandanda uja, pa tsamba lachitatu la chigamulocho. Khomo linatsegukadi. Lero ndimaitanidwa ku misonkhano ya m'mahotela akuluakulu kukalankhula za kufunika komvera anthu akumudzi pa milandu yotere. Amandiombera m'manja, makamaka ndikavala chitenje. Mkulu uja anakhalapo wapampando wa msonkhano wina wotere, ndipo pondilandira anauza anthu kuti ndine mmodzi mwa amene iye anawatulukira. Ndinamwetulira n'kumuthokoza.

Kumudzi ndinazengereza kupita kwa miyezi ingapo chigamulo chitatuluka. Nditapita ndinapeza anthu a kampani adutsa kale, akhoma zikhomo za penti yofiira m'malire, chimodzi pafupi penipeni ndi kasupe. Anthu anauzidwa kuti akangokolola achoke m'mindamo. Bambo anali pakhonde akukonza tcheni cha njinga, anandilonjera bwinobwino n'kundiuza kuti amayi ali kumunda. Ndinawapeza akukumba mbatatesi zomaliza, thumba lili pambali. Ndinagwada pa mzere n'kuwapatsa moni. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'galimoto, a mtundu umene ndimalipidwa nawo, koma anatuluka ochepa.

"Amayi, mundikhululukire. Munda wanu ndautayitsa ndine."

Anaimika khasu n'kutsamira mpini.

"Wanga? Ine zanga ndinadya kale pamenepa. Ndinkangokusungira iwe ndi mwana wako uja." Anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. "Bambo ako akuti anakuloza, azungu onse n'kukuyang'ana. Ndiye kuti mwini munda analipo m'chipindamo. Unanena chiyani?"

"Palibe, amayi."

Anagwedeza mutu pang'ono, monga munthu amene wangotsimikiza zimene ankadziwa kale. Kenako anatola thumba lija n'kundipatsa kuti ndigwire kukamwa kwake, iwo n'kuyamba kuthiramo mbatatesi.